Mwala wa Lonia pa Mpando wa Kutsogolo

Loweruka pa 13 Seputembala 2025, nthawi itangopitirira 8 koloko m'mawa, a Zakeyu Miti anapitiriridwa ndi galimoto pa mphambano ya msewu wa ku Zemba ngati kuti iwo ndi chitsa. Anali atavala suti yawo yakuda, imene akazi awo a Elinata anasita ndi simbi ya makala Lachinayi asanatsogole kukathandiza zophika. Anavula chipewa, nachikweza m'mwamba, nachigwedeza. Galimotoyo, yoyera, ya mipando kutsogolo ndi kumbuyo komanso bodi ya katundu, sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Inawasiyira fumbi lokha, suti yakuda ija n'kufiira ngati chulu. Woyendetsa anali Evans, mwana wa mlongo wawo weniweni, amene dzulo lake anaimba foni ali ku boma n'kunena ndi pakamwa pake kuti, “Amalume, mukaime pa mphambano, ndikutengani.”

Munthu wa zaka 74 anaima pamene anauzidwa kuima. Zimenezi zidziwike, chifukwa pali anthu kale amene akuyamba nkhaniyi pakati.

A Zakeyu si munthu wopitiriridwa ndi galimoto. Anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Zemba m'chaka cha 1951, sukulu n'kuilekera mu Sitandade 6. Ali ndi zaka 18 anakwera lole ya wamalonda wina wa ku Chipata monga wothandiza. Ntchito yake inali kutsuka, kukunga zingwe, ndiponso kudumpha pa chitunda n'kuthamangira kuika mwala kuseri kwa tayala lole isanabwerere m'mbuyo. Anathamanga ndi mwala umenewo zaka zisanu. Layisensi anaitenga mu 1974, ulendo woyamba womwe, atabweza lole chammbuyo pakati pa migolo iwiri osaikhudza. Kuyambira pamenepo mpaka 2012 ananyamula thonje, chimanga, mtedza, feteleza, makwaya, amayi oyembekezera ndi mitembo. Ngozi inali imodzi yokha: nkhumba ya ku Pembamoyo mu 1988. Mwini wake anaidya ndi banja lake lonse, koma mpaka tsiku lomwalira ankanenabe kuti inali ndi bere. Popuma ntchito, kampani ya thonje inawagwira chanza n'kuwapatsa wotchi ya pakhoma. Wotchiyo inayenda miyezi inayi.

Malamulo awo a pamsewu ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Mbuzi ikadutsa usaiyang'ane, yang'ana kamwana kake kamene kakubwera pambuyo. Nkhuku usaizembe, chifukwa iyonso sikudziwa kumene ikupita. Wanjinga amene wanyamula denga la udzu sakumva hutala. Ukaona masamba aikidwa pamsewu chepetsa liwiro, pali maliro kapena lole yafa. Ndipo munthu wokalamba akakweza dzanja, ima. Ukhoza kum'kaniza malo, koma um'kanize utaima. Evans anamva malamulo onsewa ali ndi zaka 17, pamene amalume ake ankamuphunzitsa kuyendetsa m'munda wa mtedza atakolola, akumumenya bondo lakumanzere n'kumakuwa kuti, “Kilachi! Ponda kilachi, iwe!”

Koma chimene chinawaimika pa mphambano tsikulo si chilakolako chongokwera galimoto. Kunali lonjezo. Mlongo wawo wamng'ono, Lonia, mayi wa Evans, anakwera lole yawo kosawerengeka, koma nthawi zonse pamwamba pa matumba a thonje, atagwira chingwe, chifukwa kutsogolo kunkakhala kalaliki wa kampani. Lonia sanali wosunga mawu m'kamwa.

“Alongo, ine pamwamba pa thonje ndidzatsika liti? Kutsogoloko kuli chiyani kuti akalaliki okha ndiwo azikhalako?”

“Iwe Lonia, tsiku lina ndidzakukweza kutsogolo, pa mpando wofewa, ine ndili pa chiwongolero. Udzatulutsa chigongono pazenera ngati mkazi wa bwanamkubwa.”

Lonia ankawakumbutsa chaka ndi chaka, pa ukwati, pa maliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Anamwalira mu Febuluwale 2024, mvula ili pakati, mlatho wa ku mudzi wawo utakokoloka sabata yomweyo. Thupi lake linafika kwawo pa ngolo. Evans, amene wakhala ku Canada zaka khumi ndi chimodzi akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za kumeneko, anaonera maliro a mayi ake pa foni. Tsopano anali atabwera kudzamanga chiliza. Anabwereka galimoto ku Lusaka, nadzera ku Chipata kutenga mwala wakuda wolembedwa dzina la Lonia. A Zakeyu anaiganizira nkhaniyi mwezi wathunthu: thupi linawaphonya, koma mwala sudzawaphonya. Adzaukweza kutsogolo, iwo ali pa chiwongolero, mpaka kumanda. Sanauze munthu kupatula a Elinata, amene anangoti, “Ambuye atithandize.”

Choncho fumbi litatsika analavula dothi, napukuta magalasi ndi tayi, nauyamba wapansi. Kuchoka pa mphambano kufika kumudzi kwa Lonia pali makilomita asanu ndi atatu. Anjinga awiri anaima kuti awanyamule. Anakana onse. Munthu amene anatsitsa lole yodzaza thonje pa zitunda za kuno popanda kupsereza mabuleki safika pa chiliza cha mlongo wake atakhala pa kaliyala, miyendo ili lendelende ngati nkhuku yopita kumsika.

Patatsala makilomita awiri pali mtsinje. Mlatho wake ndi womwe uja unapita ndi madzi. Amene anayenera kuumanganso anabwera kawiri ndi timabuku, nayeza, najambula zithunzi, nadya nkhuku, napita. Chilimwe anthu amangotsikira m'mbali n'kudutsa pa mchenga. Asanafike n'komwe, a Zakeyu anamva injini ikulira ngati ng'ombe yomangidwa pa dibi, ndipo mtima wawo unakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. Atasuzumira anaiona: galimoto yoyera ija itatitimira mpaka pamimba, matayala akumbuyo akuponya mchenga m'mwamba. Kutsidya kunali gulu la anthu amene anatopa kudikira kumanda n'kutsika kudzaona, amayi a mpingo ndi mabulauzi awo oyera, a Elinata ali pakati pawo, manja ali m'chiuno.

Evans anatuluka, thukuta lili kamukamu, chipewa cha kapusi chili pamutu.

“Amalume! Ndi inu? Ine ndimakufunanitu pa mphambano!”

“Umandifuna ndi maso ati?”

“Foni imanena kuti mphambano ili kutsogolo. Ndinaona munthu akugwedeza chipewa, koma...”

“Koma chiyani?”

“Pepala likuti tisamaime.”

“Pepala,” anatero a Zakeyu. “Kabweretse.”

Linali pepala lokutidwa ndi pulasitiki, limene kampani yobwereketsa magalimoto imapatsa alendo ochokera kunja, lolembedwa m'Chingerezi malangizo khumi ndi anayi. Evans, mwana wobadwira pa mphasa kuseri kwa nkhokwe ya agogo ake, anapatsidwa pepala la alendo chifukwa layisensi yake ndi yachilendo, ndipo iye analiloweza ngati katekisimu. A Zakeyu anakhala pa chipika, napempha madzi, namwa mosafulumira, nayamba kumasulira mokweza kuti a kutsidya amve.

“Loyamba. Yendani kumanzere kwa msewu. Ichi n'choona, ngakhale ngolo ikudziwa. Lachiwiri. Musayende kukada. Chabwino. Lachinayi. Apolisi akakuimikani, mwetulirani n'kuonetsa layisensi. Kumwetulirako sindikudziwa, ine sindinayesepo. Lachisanu ndi chimodzi, tamverani ili. Chenjerani ndi ziweto komanso anthu a m'midzi oyenda pamsewu. Mwamva, amayi? Mbuzi poyamba, ife pambuyo.”

“Bola atiwerengera,” anayankha a Simeoni, mmodzi wa adzukulu okumba manda, amene pa maliro ndi pa chiliza amaloledwa kunyoza aliyense popanda mlandu.

“Lachisanu ndi chiwiri. Wina akakuimikani ndi dzanja musaime. Tsekani magalasi, khomani zitseko. Iwe Evans, unakhoma?”

“Zimadzikhoma zokha, amalume.”

“Zimadzikhoma zokha. Lakhumi ndi chimodzi. Asayendetse munthu amene dzina lake silili pa chikalata cha mgwirizano. Lakhumi ndi chiwiri. Musachotse kapena kuwonjezera mpweya m'matayala.” Anatembenuza pepalalo. Kuseri kunali chithunzi cha njovu. “Latha.”

“Werenganinso bwino, a dalaivala,” anatero a Simeoni. “Palibe pamene alemba kuti mukatitimira mu mchenga mudikire munthu amene mwam'siya pa mphambano?”

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Evans sanaseke. Ananjuta pafupi ndi chipika n'kunena motsitsa kuti abusa ali kumanda kuyambira 9 koloko, ndipo anena kuti dzuwa likafika pamutu achoka chifukwa ali ndi ukwati ku mpingo wina. A Zakeyu anayang'ana dzuwa, nayang'ana matayala, nayang'ana mwana wa mlongo wawo.

“Ndiitulutsa. Koma ndiyendetsa ine.”

“Amalume, inshuwalansi siilola.”

“Inshuwalansiyo uiitane ibwere idzakankhe.”

Anavula jekete n'kupatsa a Elinata. Anabwereka kamtengo ka machesi kwa a Simeoni, nagwada pa tayala loyamba n'kukanikiza pa kamlomo kake. Mpweya unayamba kutuluka, fwiii, Evans n'kugwira mutu.

“Lakhumi ndi chiwiri limenelo, amalume!”

“Tayala lolimba limakumba, lofewa limaponda. Unaiwala? Amuna inu, fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala onse. Amayi, nthambi. Osati zaminga, tikufuna kufika.”

Anafewetsa matayala onse anayi, akuyesa ndi chala chachikulu. Anafunsa ngati galimotoyo imakoka ndi matayala onse, ndipo kunapezeka kuti ili ndi kabatani kake, kamene Evans sanakakhudze chichokere ku Lusaka chifukwa pepala silinakatchule. Kenaka anapukuta manja, nakonza tayi, natsegula chitseko, nakhala pa chiwongolero koyamba m'zaka khumi ndi zitatu.

Apa ndi pamene wonena zoona ayenera kunena zonse. Dzanja lawo linafuna pobaya kiyi, pobaya kiyi panalibe. Linafuna ndodo ya giya yolembedwa manambala, linapeza kandodo kopita kutsogolo ndi kumbuyo basi. Phazi lakumanzere linatsika kufuna kilachi, linaponda mphepo. A Zakeyu anawerama n'kusuzumira pansi.

“Iwe, zopondera zili ziwiri. Chachitatu chili kuti?”

“Kulibe, amalume. Imasintha yokha magiya.”

“Wachotsa ndani?”

“Ndi mmene anaipangira.”

“Ayi ndithu,” anatero a Simeoni, mutu ataulowetsa pazenera. “Mwana wa Lonia am'bwereka yolumala. Anaona kuti ndi mlendo.”

Evans anadina batani, injini inalira. Anakokera kandodo kaja m'mbuyo. A Zakeyu anaponda moto pang'onopang'ono, monga mmene mchenga umafunira, ndipo galimoto inanyamuka bwinobwino pa nthambi zija. Itayenda mikono iwiri, khutu lawo linamva kuti nthawi ya giya yachiwiri yakwana. Phazi lakumanzere silinapemphe chilolezo kwa munthu. Linatsika ndi mphamvu zonse zimene kilachi ya lole imafuna, n'kupeza buleki. Galimoto inaima njii, chifuwa chawo n'kugunda hutala, amayi okankha kumbuyo n'kuunjikana pa bodi.

“Mwatipha, bambo ake!” anakuwa a Elinata, akutola mpango wawo.

Anayesanso kachiwiri, zomwezo. Kachitatu, zomwezo, ndipo hutala inalira motalika. Phazi limene lagwira ntchito imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu silisiya chifukwa wina ku fakitale wasintha maganizo. A Zakeyu anakhala duu, manja ali pa chiwongolero. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu.

Ndi Evans amene anatsegula chitseko chakumbuyo. Anakhala kuseri kwa amalume ake, napisa dzanja pakati pa mipando, nagwira bondo lawo lakumanzere zolimba.

“Tiyeni, amalume. Inu chiwongolero ndi moto. Mwendo uwu ndi wanga.”

“Ukundipweteka.”

“Inunso munkandipweteka.”

Galimoto inanyamuka. Bondo linalimbana kuti litsike, Evans n'kulikoka ndi manja awiri. A Zakeyu anawongola matayala, nasunga moto pamodzimodzi, osaonjeza osachepetsa, nalunjika m'mikwasa ya ngolo pamene mchenga unali wotsendereka. Inagwedezeka, inatsetsereka pang'ono, inagwira dothi lolimba, n'kukwera gombe ngati palibe chinachitika. Nthungululu zinamveka mpaka kumanda. Pamwamba anaimika ndi phazi lakumanja, mofatsa, kuti onse aone.

“Zikomo, amalume,” anatero Evans, akupuma mwawefuwefu. “Tsopano ndilandire.”

“Sindikutsika. Tsitsani mwala kumbuyoko. Ukhale apa.” Anasisita mpando wa pambali pawo.

“Mwala? Ndaumanga bwino pa matiresi, amalume. Wachoka ku Chipata osagwedezeka.”

“Mayi ako anakhala kumbuyo moyo wawo wonse.”

Evans anayang'ana a Elinata kuti amuthandize. Iwo anapukusa mutu.

“Apatse, mwana wanga. Lonjezo limeneli landitopetsa ine kuposa mwini wake.”

Amuna awiri anaunyamula mwalawo n'kuuimika pa mpando wakutsogolo, utatsamira kumbuyo ngati munthu. A Zakeyu anachotsa chitenje chimene anaukulunga nacho kuti dzina lionekere, natsitsa galasi la mbali imeneyo. Atangonyamuka galimoto inayamba kulira, ti-ti-ti, osalekeza.

“N'chiyaninso chimenecho?”

“Yamva kulemera pa mpando. Ikufuna lamba. Ndimange, amalume, ndi lamulo lachitatu limenelo.”

“Usayerekeze. Anagwira zingwe mokwanira pamwamba pa thonje. Lero akhale womasuka.”

Motero ananyamuka, galimoto ikulira ti-ti-ti, amayi akuimba pambuyo, Evans atagwira bondo, matayala ali fwafwa. Anayenda liwiro la munthu wapansi. A Zakeyu anayamba kulankhula, osati kwa Evans.

“Ukuona, Lonia? Dimba lako lija alima a kwa Daka, koma mizere yake yokhota. Mtengo wa mango uja anadula, usandifunse ine. Wamva mpandowo? Sindinakuuze kuti ndi wofewa? Kalaliki uja anafa kalekale, iwe wakhala pa malo ake, ndipo ako ndi abwino kuposa ake.”

Evans anatembenuzira nkhope kumbali, koma bondo sanalisiye.

Msewu utawongoka, patatsala mtunda wochepa kufika pa mitengo ya kumanda, a Zakeyu anaona kuti si bwino Lonia afike osamva mphepo. Anaonjeza moto pang'ono. Nyimbo inatsalira m'mbuyo. Anaonjezanso. Anthu amene anali kudikira m'mphepete mwa manda anaimirira, abusa ali patsogolo, ndipo a Zakeyu anasuzumira pa kagalasi koonera kumbuyo kuti aone ngati tayi ili bwino. Chimene anaona ndi kapusi ija, ili phe pamutu pa Evans.

“Iwe! Tafika kumanda! Vula chipewa!”

Mwana woleredwa bwino amamvera amalume ake asanaganize. Evans anasiya bondo n'kugwira chipewa. Nthawi yomweyo inali nthawi yoima, ndipo dalaivala aliyense wophunzitsidwa bwino amadziwa kuti poima umayamba waponda kilachi.

Gwaa!

Mwala unadzuka pa mpando n'kukagunda kutsogolo, pamene pali kagalasi koonetsa mapu, n'kugwera pansi. Kulira kwa ti-ti-ti kuja kunaleka, popeza pa mpando panalibenso munthu. Kunangoti zii. A Zakeyu anazimitsa injini mwa kudina batani lija, natsika, nazungulira, natsegula chitseko cha Lonia. Mwala unali utagawika pawiri, kuchokera pa ngodya yakumwamba mpaka ya pansi mbali inayo. Anagwada, nanyamula chidutswa chakumwamba n'kuchifungata pa malaya oyera. Anthu anafika akuthamanga, nyimbo itathera m'njira, n'kuima mozungulira. Palibe amene anawaonapo a Zakeyu akulira, ngakhale pa maliro enieniwo. Tsikulo magalasi awo anachita nkhungu.

Ndi ntchito ya mdzukulu kuthyola chete wotere, ndipo a Simeoni anaigwira.

“Musalire, a dalaivala. Ndi Lonia ameneyu. Anati amufikitse, sananene kuti atsika mwaulemu. Ndi liti anachokapo pa malo osasiya phokoso?”

Woyamba kuseka anali a Elinata, misozi ili m'masaya. Kenaka Evans. Kenaka onse, kupatula abusa, amene anayang'ana wotchi yawo.

Mmisiri womanga, a Innocent, anasakaniza simenti ndi makala osinja kuti ide, nalumikiza zidutswa ziwirizo pa chiliza, nazichirikiza ndi njerwa mpaka ziume. Abusa anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene mpingo umenewo unamvapo, nakwera njinga yamoto. A Zakeyu, monga mwini mbumba, anayenera kulankhula. Anthu anakonzeka kukhala nthawi yaitali, chifukwa amawadziwa. Iwo anangoti, “Wafika pa galimoto. Anali kutsogolo. Ndinayendetsa ndine.” Anakhala pansi.

Madzulo ake amuna anayi anasinthana pampu ya njinga kubwezera mpweya m'matayala. Lachiwiri Evans asananyamuke anabwera kudzatsanzika, nagwada pakhonde n'kunena kuti akafika ku Chipata auza osema miyala apange mwala wina, wosalala, wopanda mzere.

“Wachiwiriyo akwera ndi yani?” anafunsa a Zakeyu.

“Ndingatumize pa minibasi, amalume.”

“Pa minibasi. Pansi pa mpando, pamodzi ndi matumba a nsomba za kapenta. Ayi. Umene uli apowo ndi umene unakwera ndi ine. Ukhala.”

Ndipo ulipo. Mzere wake umaoneka munthu akadali kutali, wotuwa, chifukwa makala aja anasuluka ndi mvula yoyamba. A Zakeyu amapitako pa njinga ya mwana wawo, akuyendetsa okha, kukazula udzu.

Tsopano pali anthu, ena a iwo achibale, amene akumanong'ona pa chigayo kuti wolakwa ndi a Zakeyu: anakana lamba, anathamangitsa, anaponda molakwika. Onse onena zimenezi sanayendetsepo ngakhale wilibala yodzaza. Phazi lija silinalakwe. Linachita chimene linaphunzitsidwa mu 1974, chimene chinasunga miyoyo ya anthu a boma lino zaka zonsezi. Wolakwa ndi amene anatumiza kumudzi kuno galimoto ya zopondera ziwiri ndi malangizo khumi ndi anayi, napeza malo a mbuzi, a kumwetulira, ngakhale a chithunzi cha njovu, koma osapeza mzere umodzi wochenjeza kuti pamene pankakhala kilachi tsopano pali buleki. Akanena kuti a Zakeyu sanayenera kuyendetsa, afotokoze amene akanaitulutsa mu mchenga muja. Eni kampani galimoto yawo anailandira ku Lusaka ikuyenda ndi matayala ake onse, osati pa lole.

Kalata yoyamba ya a Zakeyu yodandaula ku kampani yobwereketsa ija inapita ndi Evans pa 16 Seputembala. Yachiwiri inaponyedwa ku boma pa 20 Okutobala, yolembedwa pamanja, masamba atatu, m'Chingerezi chabwino kuposa cha pepala lawo. Mpaka lero kuli chete. A Zakeyu sakufuna mwala, sakufuna chipepeso cha pa foni kuchokera kwa mtsikana wa pa desiki amene sanalembe kanthu. Akufuna dzina la munthu amene analemba malangizo aja, ndipo akufuna kudziwa ngati munthuyo anayendapo msewu wa dothi kupitirira Chipata, inde kapena ayi. Eni kampani ayankhe molemba, asaine, adinde chidindo, atumize kudzera ku mpingo wa ku Zemba. Ayankhe.